Usafufute Foni ya Amayi, Gelson

Mongue, Milange

Wokondedwa mlongo wanga Gelson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Nampulako. Uli bwanji iwe, alamu anga a Constância, ndi mwana wathu Luciana? Kuno tikudzuka ndithu, kungoti ana ali ndi chifuwa cha fumbi. Nandolo tamenya kale, koma za mtengo wake usandifunse, ungandiyambitse mutu.

Ndikudziwa kuti kondakitala wa chapa, minibasi yathu ija, akakupatsa pepalali useka. Unena kuti mlongo wako, mana Inocência, adatsalira, zaka zino munthu n'kumalemba kalata. Seka ndithu, iwe katswiri wa makompyuta, amene kafoni kanga ka mabatani umakatcha njerwa. Koma kuti ndikuimbire ndiyenera kukwera pachulu paja kuseri kwa tchalitchi, pomwe netiweki ya kuno ndi ya ku Malawi zimalimbirana, ndipo masiku ano kulikonse ndingapite bambo ali pambuyo panga. Nkhani iyi sindikufuna aimve.

Amalume a Paulino atchula tsiku lowasudzula bambo. Ndi mwezi ukubwerawu, mvula isanagwe. Palibe amene akuwathamangitsa. Ine ndidawapempha kuti akhale, amalumenso adati mkamwini amene wamerera imvi pamudzi sauzidwa za njira. Koma bambo akuti mkazi amene adawabweretsa kuno wapita, ndiye akufuna akamalizire masiku awo kwawo ku Molumbo, pafupi ndi alongo awo. Katundu amanga kale: njinga, khasu, bulangete ndi wailesi ija udawagulira.

Tsopano mvetsera bwino. Pogawa katundu wa malemu amayi, foni idapatsidwa kwa iwe poti ndiwe udaigula, ndipo palibe adatsutsa. Pokwera chapa udandiuza kuti foniyo ikuchedwa chifukwa yadzaza zinyalala, ndiye uifufuta yonse kuti Luciana azisakira za kusukulu pa intaneti. Ine ndidangovomera, nzeru zanga zinali zidakali kumanda.

Gelson, zinyalala zimenezo ndi amayi.

Ukukumbuka kuti sankatha kulemba. Tsiku lija udawaphunzitsa kudina n'kulankhula pa WhatsApp, udadziputira wekha. Tsiku la msika lililonse ankakutumizira uthenga wa mawu, wautali ngati ulaliki. Ankamvera nyuzi za mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Ruo, kenaka n'kuweruza onse. Za msewu wathu wokumbikawu, za osintha ndalama pachipata cha Muloza, za amene akulonjeza mijigo nthawi ya chisankho, palibe ankapulumuka. Ngakhale za mafoni anali ndi maganizo awo, ankati foni yodula ili ngati mkazi wa m'tauni, siikhala tsiku osapempha kanthu.

Iwe unkadandaula kuti akukuthera megas a intaneti, ndipo udandiuza wekha kuti kwako unkafufuta ukangomvera. Sindikukuweruza, unali ndi ntchito ndipo tonse tinkayesa amayi ndi mwala. Ine njerwa yangayi silandira mauthenga otere. Ndiye mawu awo atsala malo amodzi okha padziko, m'foni ili m'manja mwakoyo.

Unkadandaulanso kuti bambo amawononga uthenga ndi phokoso. N'zoona. Amayi akangoti nandolo akwera mtengo, tidikire, bambo kumbuyo amakuwa kuti amake Inocência mukunama, tigulitse lero. Amayi n'kusiya kulankhula ndi iwe, kuyamba kukangana nawo, foni ikujambulabe.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, ndidawapeza pakhonde atatenga kafoni kanga, akudina batani lililonse. Adandifunsa ngati amako ali muno. Nditawafotokozera kuti mulibe, adakabweza ndi manja awiri. Kenaka adati: "Chimwalirireni amako, chilichonse ndinganene anthu amangoti inde bambo. Dzana kumsika ndidanena dala bodza, kuti feteleza watsika mtengo, onse n'kungogwedeza mitu. Ndikufuna ndimvenso munthu akunditsutsa."

Ndidalowa m'nyumba n'kukalira, Gelson. Ndidawamvera chisoni kuposa tsiku la maliro. Iwo akuganiza kuti foniyo udaikulunga munsalu n'kuiika m'sutikesi, ndipo akuyembekeza kuti ukadzabwera udzawatsegulira. Ine sindidawauze zimene udanena pa chapa.

Sindikuti umulande Luciana. Mwanayo aphunzire, agogo ake akadakondwa. Chimene ndikupempha ndi ichi: usanafufute, tenga mauthenga onsewo uwaike pa kakadi kaja kamene kamalowa m'wailesi ya bambo. Ku Molumbo netiweki ndi yovuta, koma wailesi imangofuna mabatire. Kwa iwe zimenezi ndi ntchito ya kapu imodzi ya tiyi.

Ndipo poti ndimakudziwa ndi ukatswiri wakowo, usakonze kalikonse. Usadule, usachotse atambala akulira kumbuyo, makamaka usachotse phokoso la bambo lija. Iwo akufuna pomwepo, pamene akukuwa ndipo amayi akuwayankha. Upatse kondakitala yemweyu lisanafike tsiku la kusudzula, ine ndikadikira pa siteji ku Milange.

Ngati udafufuta kale, usaope kundiuza, koma undiuze ndekha. Ndayamba kale kuyeserera kuwatsutsa bambo pa tinthu ting'onoting'ono, ndipo dzulo adamwetulira nditawauza kuti mvula sadziwa kuiwerenga. Koma ine ku Molumbo sindidzakhalako.

Undiperekere moni kwa alamu anga, ndipo umuuze Luciana kuti azakhali ake akufuna kumva kuti wakhoza. Amalume ndi ana onse akupereka moni. Ambuye akusungeni ndi kudalitsa ntchito ya manja ako.

Ndine mlongo wako amene adakubereka kumsana,

Inocência