Poti Nathan adzaime ndi kamera

Okondedwa achimwene a Nathan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno ku Ligowe tilipo, manachesi chaka chino abereka ndithu.

Anyamata a pa TV aja anabweradi kudzajambula bambo pa pulogalamu yawo yolemekeza aluso akale. Inu mukuwadziwa bambo. Munthu amene wakalambira kuseri kwa kamera sakanangokhala phee. Anayamba kuwasuntha anyamatawo, amvekere, "Dzuwa likhale kumsana kwanu, osati kumaso." Dzuwalo amalimva ndi tsaya, paja maso aja anatheratu.

Loweruka pulogalamuyo inaonetsedwa, ndipo tinakaonera kwa a Falesi amene ali ndi sola. Anaikamonso kanema wakale uja bambo anajambula paukwati wa azakhali, malemu amayi akuvina. Anthu anaomba m'manja. Bambo atangomva kuseka kwa amayi anandigwira mkono. "Avala diresi yachikasu ija eti?" Ndinati eya. Mkonowo anaugwirabe mpaka kunyumba.

Masiku ano akudya pang'ono. Kuchipatala anatipatsa mankhwala, koma zina adokotala anandiuzira panja, ndipo si zolemba m'kalata.

Dzulo m'mawa ananditengera pabwalo, akuyenda mopapasa mpaka pamtengo wa nachesi. Akuti, "Anthu akadzachuluka pakhomo pano, Nathan adzaime apa ndi kamera yanga. Apa sadzatchinga oimba, komanso dzuwa lidzakhala kumsana kwake."

Sindinawafunse kuti anthuwo adzachulukira chiyani. Kamerayo ndaipukuta kale. Yesetsani, achimwene, mvula isanaononge msewu.

Ndine mlongo wanu,
Tisungeni