Khosi la Tithokoze

Kasungu Boma,
14 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Prosper,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ine sindili bwino, ndakwiya, ndipo amene mwandikwiyitsa ndinu. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula pakamwa ngati ndikadali kamwana. Pepalali ndilijambula ndikutumizireni, muliwerenge mpaka kumapeto.

Ndikulemba ndili mu wodi ya ana. Mwana wanu Tithokoze, yemwe munandisiyira amayi ake atamwalira, wagona chagada pambali panga, khosi lake alimanga m'kolala yolimba. Inu munamva kwa amalume a Yobe kuti anangogwa pang'ono. Tsopano imvani kwa ine amene ndinalipo.

Mukudziwa mmene timachitira nyengo yothyola fodya. Mitanda ya pamwamba m'chigafa ndi yowonda, wamkulu akakwera imathyoka, ndiye timakweza ana kuti azilandira fodya wosoka n'kumapachika. Amalume anakweza Tithokoze. Mtanda unali wofumbwa, unathyoka, mwana n'kutsika ndi mutu. Anadzuka yekha n'kuyenda, koma mutu utapendamira kumanzere, osatheka kuuwongola.

Amalume anati, "Kachepa aka, khosi langobinya. Bwera kuno ndiliwongole." Mukuwadziwa mmene amanyadira manja awo aja, okoka nawo miyendo ya osewera mpira. Anamukhazika pakati pa maondo, n'kudzola mafuta ophikira m'manja, dzanja lina pachibwano, lina pankhongo. Mwanayo anali atagwira kapu ya madzi, ndipo ndinaiona ikupulumuka m'dzanja lake. Anati, "Azakhali, zala zanga zachita dzanzi." Ndinawagwira mkono amalume pamaso pa anthu n'kuwakankha. Anati ndilibe mwambo. Ndikuvomera, tsiku limenelo ndinalibedi, ndipo sindikupepesa.

Tinamugoneka pa chitseko, ndinapinda zitenje n'kutchinga mbali zonse za mutu, tinayenda pa ngolo pang'onopang'ono mpaka ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Zoti anadzuka n'kuyenda yekha anamwino sanazitenge ngati nkhani. Anafunsa kutalika kwa pamene anagwa, chimene chinayamba kufika pansi, ndiponso ngati anakomoka. Anamugwira mofatsa mafupa a kumbuyo kwa khosi, atafika pakati penipeni mwana analira. Anamuuza kuti afinye zala zawo, dzanja lamanzere linalephera. Pomwepo anamuveka kolalayo n'kuyitana ambulansi. Kuno ku boma atamujambula, adokotala anandionetsa kuti fupa limodzi lang'aluka, koma mwa chisomo silinasunthe. Ndinawafunsa kuti amalume akanakoka zikanatha bwanji. Anati, "Mayi, mwina bwenzi asakuyendanso. Mwinanso kupuma kumene kukanavuta."

Ndiye dzulo amalume atulukira mu wodi muno, panja ataimika wa kabaza woti amukweze mwanayu pa njinga yamoto, mabampu onse a ku Chamama aja. Akuti inu mwawalola pa foni kuti amutulutse. Akuti munanena kuti mwana woyenda yekha sanathyoke, ndipo fodya akuwola m'munda chifukwa ine ndangokhala phwii kuchipatala. Achimwene, munanenadi zimenezi? Muli kutali choncho mwayamba kuyeza khosi la mwana pa foni? Namwino uja, mkazi wachilendo amene sanamubale, anamufunsa pamene pakupweteka. Inu bambo wake simunapemphe n'komwe kuti mumve mawu ake.

Fodyayo awole. Chaka chamawa tidzafesanso nazale, koma mwanayu khosi ali nalo limodzi lomweli. Ndinaima pakhomo, anamwino nawo anakana, amalume n'kubwerera akutukwana. Koma alonjeza kuti abweranso ndi akuluakulu a kumudzi, poti mawu a mwini mwana ali nawo iwo. Ine ndine mlongo wanu chabe, mawu anga amatha inu mukayankhula. N'chifukwa chake ndikupempha, ngakhale ndi mkwiyo. Muwaimbire amalume lero, muwauze ndi pakamwa panu kuti kolala sichoka mpaka adokotala atanena, ndipo pasapezeke dzanja la munthu pakhosi pa mwanayu.

Mvula kuno ikugwabe. Amayi ali bwino, kungoti miyendo, ndipo akukupatsani moni. Dzanja la mwanayu layamba kufinya pang'ono.

Tithokoze nayenso akukupatsani moni. Zonse zimene ananena amalume anazimva, poti anaima pamutu pake. Atachoka anandifunsa, maso ali kudenga chifukwa sangatembenuke, kuti, "Adadi akufuna andikoke?" Ndinamuuza kuti ayi, amalume akunama, adadi ako sanganene zimenezo. Ndanama pokutetezani, achimwene, ndipo mwanayu wandikhulupirira. Foni yanga ili pa pilo pake, akudikira kuti amve kwa inu.

Ndine mlongo wanu,
Feggie