Chingwe Choyezera Majipe

Lolemba, 8 Otubulu 2018. Cateme.

Kutentha. Mbuzi ya bere yafa m'mawa. Sindinaione ikudwala.

Dzulo kunabwera Yolanda, mwana wanga mmodzi wotsala, atavala zovala zake za kumgodi za mizere yonyezimira. Amayendetsa chigalimoto chonyamula malasha, tayala lake kutalika kuposa khomo la nyumba ino. Akufuna kugula galimoto yakeyake. Jipe, ija yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi. Akuti ogulitsa a ku Tete onse ndi pakamwa pokoma. "Baba, inu muli ndi nthawi. Kafunseni eni ake amene akuyenda nazo kale. Inu sangakunamizeni."

Nthawi ndili nayo. Zoona. Amene anandipatsa nthawiyi ndi omwe amamulipira iyeyo. A mgodiwo anandichotsa ku Bagamoyo wa ku Moatize, uvuni wanga wa njerwa naugumula. Ndalama za jipeyo zatuluka pansi pa dothi lomwe ndinkaumba.

Sindinanene zimenezo. Ndinavomera.

Lachinayi, 11 Otubulu.

Ndapeza chingwe changa chakale cha pa uvuni, choongolera mzere wa njerwa. Ndinagona pamphasa, nsonga ndinapana ndi chala cha kuphazi, mfundo ndinamanga pa liwombo. Utali wanga ndi umenewo. Ndafupika.

Ndilembe kamodzi poyera, poti bukuli saliwerenga munthu. Ine sindidzaikidwa ku Cateme. Anandibweretsa kuno pa kamiyau, chilole cha a mgodi, mu 2010, pamodzi ndi mbuzi ndi malata, nandiloza nyumba ya nambala. Wamoyo ananditha. Wakufa ayi. Ndikafa ndipite kwathu ku Zóbuè, kuseri kwa phiri, kumanda kumene kuli amayi anga ndi amalume. Chapa, minibasi yathu ija, sifika kumeneko. Mvula ikagwa, ngakhale njinga yamoto imabwerera panjira. Pafunika jipe yokwera phiri, yoti munthu n'kugonamo wowongoka.

Galimoto ya a mgodi sindikweranso. Ya Yolanda ndi ya mwana wanga. Ndadziuza choncho.

Lamulungu, 14 Otubulu. Moatize.

Kwa Arnaldo, mphunzitsi wopuma. Yake yoyera, tayala lapadera lopachika pa chitseko cha kumbuyo. Zaka zinayi ali nayo. M'matope akuti sinamuchititsepo manyazi. Zitsulo zake zimapezeka pamsika pomwepa. Koma kumwa gasolina, mafuta ake! "Ndikapita ku Tete n'kubwerako, mkazi wanga sandilankhula masiku awiri."

Ndinamupempha agonetse mipando. Ndinayeza. Chingwe chinatsala panja, chikhatho chimodzi.

Anafunsa chimene ndikuyeza. Ndinati matumba a mbatatesi. Anaseka. "Matumba amapindika, akulu."

Fumbi lakuda pa galasi lake. Ndinalemba B wa dzina langa ndi chala, kenaka ndinafufuta. Popita ndi pobwera chapa imadutsa pafupi ndi milu ya dothi la kumgodi. Ndinayang'ana mbali inayo.

Loweruka, 20 Otubulu.

Ku Mualadze. Mayi Graça, namwino. Yawo yofiira, yaing'ono, mkati mozizira ngati m'banki. Mafuta akuti imangonyambita. Pa phula imathamanga, sumva ngakhale phokoso. Koma mimba yake yotsika. Chaka chatha inakhala pa mwala pakati pa mtsinje, matayala m'mwamba, anakoka ndi ng'ombe za eni. Anafotokoza akuseka. "Wodwala amene ndinkamupitira ndiye anabwera kudzandikankha."

Mipando yake sigona yonse, imasiya chitunda pakati. Chingwe chinatsala mkono wathunthu.

Iwowa sanafunse za matumba. Anayang'ana chingwe, anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anangoti, "Madala, chifuwacho chinayamba liti?"

Ndinati cha kale.

Anandipatsa madzi ozizira. Mano anawawa.

Lachiwiri, 23 Otubulu.

Yolanda pa foni. Mtima wake uli pa yofiira ija. "Yokongola, Baba, komanso mafuta." Ndinati mimba yake yotsika. Sindinaname. Chifukwa chinacho ndinachisunga.

Masana ndinadutsa kwa Alfredo, mmisiri wa matabwa, amene amakhoma mabokosi a maliro a tonse kuno. Ndinamuonetsa chingwe. Anapukusa mutu. "Mwayeza munthu, simunayeze bokosi." Akuti ndionjezere chikhatho kumutu, chikhatho kumiyendo, ndi zala ziwiri za matabwa. Pafupifupi zaka makumi awiri ndikuumba njerwa, ndimadziwa kuti chikombole chimakula kuposa njerwa. Ndinaiwala bwanji.

Mfundo yatsopano. Ya Arnaldo yatulukiratu.

Ndadya mbatata yozizira. Chitsime cha pafupi chauma kachiwiri.

Lachinayi, 1 Novembulu. Zóbuè.

Mphepo ina. Ndatsika chapa, chifuwa chaleka kulira.

Kwa Cristóvão. Tinathawira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwerera limodzi mu 93. Iye anatsala kuno n'kumalima, ine ndinatsikira ku Moatize kukaumba njerwa. Nzeru zinali zanga, amatero anthu nthawi imeneyo.

Yake yobiriwira, yakale, ya dizilo. Yaitali, zitseko ziwiri kumbuyo zotseguka ngati za tchalitchi. Zaka khumi ndi chimodzi ikunyamula kabichi ndi mbatatesi. Imafuka utsi. Imagwedeza impso. Mphepo yozizira mulibe, umatsegula zenera. Pokhota imafuna manja awiri ndi pemphero. Koma akuti sinagonepo panjira, ndipo phiri la kwathu imakwera itadzaza.

Nditatulutsa chingwe sanadikire bodza langa. "Bweza m'thumba, iwe. Iyi yanyamulapo maliro asanu ndi awiri ndi mkwatibwi mmodzi. Wodandaula anali mkwatibwi yekha."

Ndinayezabe. Chakwana. Zala zinayi kutsala.

Ndimayesa ndikondwa. Palibe. Ndinangopinda chingwe.

Lachisanu, 2 Novembulu.

Tsiku la Akufa. Cristóvão ananditengera kuseri kwa phiri, ndi anthu ena asanu ndi makasu awo. Yakwera ndithu. Pa mtsinje sinaime n'komwe.

Kumanda anthu mbwee, kusesa, kuzula udzu, makandulo. Manda a amayi ndinawapeza ndi mtengo wa muwanga uja. Pambali pawo malo alipo. Dothi lofiira, lofewa, khasu limalowa lokha. Ndinaima pamenepo. Ndinagona m'maganizo. Bwinobwino.

Makandulo ndinagula awiri. Imodzi ya amayi. Inayo ndabwera nayo m'thumba, sindikudziwa chifukwa.

Ndikudziwa. Luzia, mkazi wanga, ali ku Cateme. Tinamuika mu 2013. Chiikire sindinapondeko. Manda a manambala, mizere ngati nyumba zomwe.

Lamulungu, 4 Novembulu. Cateme.

Yolanda. Lachisanu atatuluka kuntchito anabwera kudzasesa pa manda a mayi ake yekha. Anapeza nyumba yokhoma.

Ndinapereka lipoti langa lonse. Yoyera, yofiira, yobiriwira. Ndinati agule yonga ya Cristóvão. Anandisiya ndimalize. Kenaka: "Chingwe chili kuti, Baba?"

Mayi Graça anamuimbira. Anamwino sasunga.

Ndinachiika patebulo. Anachitambasula, anagwira mfundo zonse ziwiri. Sanalire. Nkhope ya mayi ake akamasankha nyemba. Anati agula yaitaliyo, ngakhale ikhale yoipa ngati thirakitala. Anati adzanditenga yekha, adzayendetsa yekha, walonjeza. Ataima pakhomo anawonjezera. "Koma Amayi anakwera kamiyau yomwe ija. Iwo simunawayezere."

Nsomba zimene anabweretsa zili pomwe anazisiya.

Lachitatu, 21 Novembulu.

Masiku ambiri osalemba. Mitambo imabwera, imapita. Anthu adzala pouma.

Lero ndinapita kwa Luzia. Si kutali. Zaka zisanu, ndipo ndi ulendo woti fodya mmodzi sangathe.

Miyala yokhayokha. Ndikukumbukira anyamata anakumba masiku awiri ndi mapiki. Mtanda wapakidwa utoto watsopano. M'mbali mwazungulira njerwa, ndipo ndi zanga, za B wa chala changa, zija Luzia anakakamira kukweza pa kamiyau ine ndikumukalipira kuti njerwa za uvuni wogumuka n'zachiyani. Yolanda wazizula kuseri kwa khitchini. Sindinaone n'komwe kuti zachoka.

Tsiku lotsika pa kamiyau, ine nditakhala pa malata, Luzia anatola mwala, nauyang'ana. "Baltazar, miyala iyi tiizolowera. Si tili awiri?"

Ndinayatsa kandulo ija. Mphepo inazimitsa. Ndinayatsanso.

Kumanzere kwake kuli malo. Chingwe chinali m'thumba. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinayeza.

Chakwananso.

Loweruka, 1 Dezembulu.

Jipe yabwera. Yotuwa, yaitali, ya dizilo, inayendapo kale kwa eni. Chitseko china chimafuna phewa. Ana a mzere wonse kuithamangira. Yolanda anagonetsa mipando yekha, anatambasula dzanja, ndinamupatsa chingwe. Zala zitatu kutsala. "Mwaona? Tsopano kwerani kutsogolo. Nthawi ya kumbuyo sinafike."

Ndinakwera. Mpando wofewa. Fungo la malasha mulibe. Ndinanunkhiza ndithu.

Ndinati titenge khasu ndi matumba awiri. Sanafunse.

Zóbuè. Mvula inagwa kumeneko dzana, msewu woterera. Pa mtsinje anakoka kachitsulo kakang'ono ka pambali, galimoto inabangula, tinaoloka. Amayendetsa bwino mwanayu. Ndinali ndisanamuonepo akuyendetsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pa ntchitoyi.

Kumanda ndinagwada, ndinawauza amayi mawu ochepa. Ndinakumba pa malo anga aja, pambali pawo. Mpweya unandithera pa thumba loyamba. Lachiwiri anadzaza Yolanda. Tinakweza kumbuyo. Matumba amapindika, Arnaldo ananena zoona.

Pobwerera panali pofunika dizilo, koma anati mawa.

Lamulungu, 2 Dezembulu.

Thumba limodzi ndathira pa Luzia. Lofiira pamwamba pa miyala. Likuoneka lachilendo. Mvula ikagwa lilowa.

Linalo lili pansi pa bedi. Ndamuuza Alfredo, ndamuuza Yolanda: lidzayambe kulowa ilo m'dzenje, pambali pa Luzia, kenaka ine.

Sindinawakhululukire a mgodi. Asaganize.

Chingwe ndamangira pakamwa pa thumbalo.