Dothi la M'khushoni

Lolemba, 3 Novembala

Tikiti yafika pa foni. Kondie, mwana wathu wa ku Joni, wapeza dokotala wa msana. Bambo ake anyamuka Lachisanu, okha. Ndalama sinakwane ya awiri, ine nditsala.

Chaka chachiwiri ali pa chikuku chigwereni pa njinga yamoto ku Chitakale. Lero nthabwala zokhazokha. Akuti akabwerako akuyenda, azidzandiperekeza kumsika ngati chibwenzi. Ndaseka, koma ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 4 Novembala

Kwabwera Rosie, mng'ono wanga, amene anakwerapo ndege. Akuti kuli khomo la makina lomwe aliyense amadutsapo, koma wa pa chikuku sadutsa, zitsulo zake zimachititsa makinawo kulira. Amamusecha ndi manja thupi lonse, chikukunso osachisiya. Bambo a Kondie atamva, zii. Munthu wokana ngakhale m'bale wake kumunyamula. Ndati ndi manyazi.

Lachitatu, 5 Novembala

Bambo a Kondie anandiuza ndiwakankhire kumunda wa zinanazi, ndiwasiye okha. Powatenga, zikhadabo zofiira ndi dothi. Masana apempha singano. Mwamuna woti chikwatiraneni sanasokepo ngakhale batani! Sindinafunse. Masiku ano mafunso anga amawapsetsa mtima.

Lachisanu, 7 Novembala

Minibasi ya m'mawa. Kondakitala kutilipiritsa chikuku ngati munthu wachitatu. Ndinalibe mphamvu zokangana.

Kubwalo la ndege anandilola kuwakankha mpaka pa chingwe, ine n'kuima pamenepo. Wachitetezo anali waulemu, sindinganame. Anagwada, n'kumanena kaye paliponse asanagwire: mikono, msana, miyendo ija yosamva kanthu. Bambo a Kondie maso kudenga. Ndinamva chisoni.

Kenako khushoni yokhalira, imene ndinasoka ndekha. Anawadzutsa pang'ono anthu awiri, wachitetezo n'kuifinya, n'kuima. Pakona panali posoka pokhotakhota, ulusi wakuda. Si dzanja langa. Wachitetezo anatumbula pamenepo. Kampukutu ka mu mpango wanga wakale, mkati dothi lofiira la kumunda kwathu.

Atafunsidwa, anayankha osandiyang'ana: “Zikakanika kumeneko, mwana adzandithire m'manda. Ndisagone m'dothi la eni lokha.”

Kani nthabwala zonse zija! Kani zii uja sanali manyazi.

Wachitetezo anati dothi sangalilole kupita dziko lina. Anandipatsa ndi manja awiri. Chikuku chinalowa, sitinatsanzikane bwino.

Loweruka, 8 Novembala

Afika. Pa foni, moni wachidule, kenako: “Mayi a Kondie, dothi langa lija?”

Ndawakalipira, koyamba chigwereni. Ndati munandinamiza, munandiseketsa sabata yonse mutadzikonzera maliro pansi pa matako. Ndati dothi lili kuno, silikwera basi, silikwera ndege. Mukalifuna mubwere mudzalitenge nokha.

Kenako anati, “Ndamva.”

Lachinayi, 13 Novembala

Mvula yoyamba. Phiri lathu silikuoneka ndi mitambo. Anzanga onse kumunda, ine khasu silikugwirika. Rosie akuti ndikataye kampukutuko komwe kanachokera, kakundidwalitsa. Ndakana.

Bambo a Kondie alowa ku opaleshoni m'mawa. Kondie anati aimba akatuluka. Dzuwa lapendeka.

Ndayala bedi mbali yawo. Ndachotsa thabwa lokwerera chikuku pakhomo, kenako ndalibwezera. Abwere akuyenda, abwere pa chikuku, ine zonse ndilandira, bola asandisiye ndi mpangowu.

Foni ili pa tebulo. Dothi lili pambali pake.