Kachotsekera ka Mankhwala a Ababa

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji uko muliko? Ife kuno ku pulazi tilipo ndithu, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa. Ana a mukomboni monse akutsokomola.

Pathupi paja munandisiya napo ndinachira bwino, ndi mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu. Ababa safuna kulitchula, amangoti "akazi anga," ndipo mwanayo akawagwira ndevu amati mwabweranso kudzawalamulira. Kamunda kanu ka kuseri kwa mabulugamu tinalima, chimanga chinabereka koma anyani anatigawa pakati. Achimwene anapita ku mgodi ku Bindura, mpaka lero ali zii. Amuna madzulo akumangokangana za chitaganya ndi za anthu amene akuti akumangidwa kwathu ku Nyasalande. Izo ine ndimangomvera kutali, chifukwa mlandu wanga uli m'nyumba momwe muno.

Mlanduwo ndi amuna anuwa. Amayi, munkakhala nawo bwanji munthu ameneyu zaka zonsezi osapenga?

Ababa satseka chinthu. Akatsegula botolo la palafini, chotsekera chimatsala pamene anaimapo. Akatsegula chitini cha shuga, nyerere zimachita ukwati. Inu muli moyo sindinkaziona zimenezi. Ife ana munkatilalatira kuti, "Dzanja lotsegula ndilo litseke," ndipo ndinkayesa kuti lamulolo ndi la nyumba yonse. Chiyambire kuwaphikira ndi kuwachapira ndine, ndaona kuti panali munthu mmodzi amene lamulo lanu silinkamukhudza.

Choyamba kuwonongeka chinali kachubu ka sulushoni ka apongozi anu, amuna anga bambo a Marita, kaja amamatira chubu cha njinga. Ababa anakabwereka kuti amate nsapato, anabweza kopanda chotsekera, ndipo anakaika bwinobwino m'kachikwama ka pa chishalo osanena kanthu. Loweruka bambo a Marita akuchokera ku sitolo ku Glendale, tayala linaphwa. Atafinya kachubu kaja anapeza kauma gwa ngati fupa. Anafika kuno akukankha njinga, thumba la mchere lili pamsana, nkhope ngati ya munthu wodya mandimu. Kwa apongozi awo sakanalankhula, ndiye mawu onse anatsikira pa ine.

Zimenezo zinali zoseketsa chabe. Zoopsa zinayamba fodya atatuluka m'mabalani, anthu atayamba kusankha mu shedi. Mukudziwa kuti ntchito ya Ababa ndi maso: tsamba lachikasu uku, lofiirira uku, la mawanga uko. Fumbi la mu shedi linawalowa, maso anafiira psu, m'mawa zikope zikumamatirana ndi manthongo mpaka ndiwasambitse ndi madzi ofunda. Misisi wa ku nyumba yaikulu, uja munkamuchapira zovala, anawaona pa mzere wa odwala ndipo anawapatsa kachubu ka mankhwala opaka m'maso kochokera kwa dokotala. Kachubuko n'kochepa ngati chala chamkombaphala, kachotsekera kake koyera, kang'ono ngati njere ya chimanga. Anandiitana ine n'kundiuza kuti azipaka m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo kukamwa kwa kachubuko kusakhudze dothi, chifukwa dothi likalowa mankhwalawo asanduka matenda.

M'mawa ndi madzulo ndimawapaka ndine. Vuto ndi masana, poti ine ndimakhala ku munda wa tirigu kutsidya, iwo ku shedi. Tsiku loyamba lomwelo anabwera nako kachubu kali yasa m'thumba la jekete, limodzi ndi fodya wawo wopera ndi zinyenyeswa za chimanga chokazinga. Nditawafunsa za kachotsekera anati kanagwa. Nditafunsa kuti kanagwera pati, anati pansi. Pansi, Amayi! Ngati kuti ine ndimayesa kuti kanagwera kumwamba.

Ndinatseka ndi kamtengo ka machesi, n'kukulunga kansalu. Mawa lake kamtengo kanathyokera m'kati. Ndinayesa phula la kandulo, linagwera m'mankhwala. Misisi atafuna kuona mmene tikugwiritsira ntchito, anakapeza kukamwa kwake kuli bii ndi fumbi la fodya. Anakaponya pamoto ine ndikuona. Anatipatsa kena, koma ananenetsa kuti aka n'komaliza, ndipo ngati nkhalambayo singasamale maso ake, bwana adzauzidwa kuti apeze wosankha fodya wina.

Mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo pa pulazi pano. Wopanda ntchito alibe nyumba, alibe phoso. Anzawo awiri amene anabwera nawo wapansi kuchokera ku Dedza anakwezedwa lole chaka chatha, ati akapumire kwawo. Kwawo kuti? Ababa anachoka ku Dedza ndevu zisanamere. Amene angawazindikire kumeneko onse ali m'manda, ndipo manda amene iwo amasesa Lamulungu lililonse ali konkuno, ndi anuwa.

Tsiku lomwe Misisi anatipatsa kachubu kenako ndinatsegula kachitini kanu ka mabatani kufuna ulusi. Sindinakakhudze chimwalirireni inu. Pansi pa mabatani ndinapeza tizotsekera: toyera, tofiira, takuda, ta mankhwala otsukira mano, ta mafuta odzola, tina sindikudziwa n'komwe kuti n'ta chiyani. Munkatola kudzala la ku nyumba yaikulu, si choncho? Munkatsuka n'kusunga, kuti amuna anu akataya china muzingotenga china mwakachetechete. Ndinakhala pansi n'kuseka, kenako ndinakwiya. Munthu mwamulera chonchi moyo wake wonse, mwamuzoloweza kuti kumbuyo kwake kumayenda wina wotseka, ndiye mwanyamuka osandisiyira ngakhale liwu limodzi. Ndinayesa tonse pa kachubu ka maso. Palibe ndi kamodzi komwe kamene kanakwana. Tina n'tatikulu, tina mazinga ake ndi osiyana.

Ndiye ndinaganiza zomangirira kachotsekera ku kachubu, monga timachitira ndi mbuzi yosokera. Poyamba ndinazengereza, kuopa kuwononga kachubu komaliza, koma ndinakumbukira muja munkanenera kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinayamba kuyesera pa tizotsekera tanu tija. Ndinatentha singano kuti ndiboole pamwamba, kachotsekera kanang'aluka pakati. Kena kanaboola bwino, koma Mai Chipo, Mshona uja woyandikana nafe, anandifunsa kuti fumbi ndaliuza kuti lisadzere pabowopo? Ndinayesa mphira wa chubu chakale cha njinga, unali wonenepa kwambiri. Ulusi wosokera unkangopulumuka ndikapotokola. Masiku amenewo ndiwo zinkapserera pamoto ine ndili kalikiliki ndi tizotsekera, ndipo bambo a Marita anafunsa ngati m'nyumba muno tayamba kudya ulusi.

Pomaliza ndinatenga chingwe chopyapyala chomangira fodya, ndinazunguliza m'kamzere ka m'munsi mwa kachotsekera, ndinamanga mfundo n'kudonthezapo sulushoni watsopano. Mbali inayo ndinaipanikiza ku mchira wa kachubu, kuja timapinda mankhwala akamatha. Chinagwira. Ndinawasonyeza Ababa kuti taonani, mukatsegula muzingokasiya kalendewere, sikapita kulikonse. Anang'ung'udza, koma anatenga.

Masiku angapo zinayenda bwino, maso anayamba kuyera. Kenako tsiku lina masana ndinabwerera kunyumba kudzayamwitsa mwana, ndinawapeza atakhala pakhonde padzuwa, kachubu m'manja, chingwe palibe. Anadula ndi mpeni. Ati anzawo ku shedi ankawaseka kuti mwana wawo wawamangirira ngati khanda lomangidwa mkanda m'chiuno, ndipo wina anafunsa ngati mawa ndidzawamangirirenso supuni pakhosi.

Amayi, ndinalankhula. Sindinawatukwane, munandilera bwino, koma ndinalankhula mpaka Mai Chipo anatulutsa mutu pakhomo pake n'kubwezanso. Ndinawauza kuti anzawo osekawo sadzawaperekeza pa lole. Ndinawauza kuti ndatopa, ndili ndi mwana kumsana, munda wa mzungu, munda wanga, ndiye ndizilondanso kanthu kochepa ngati dzino. Iwo anangoti, "Amako sankandimangira zingwe. Ankangotseka."

Ndinati, "Ine sindine Amayi."

Kenako, ngati kundisonyeza kuti atha okha, anapotokola kachotsekera kaja, ndipo kanawapulumuka. Kanagwa pabwalo losesa, dothi lofiira, iko koyera mbee, dzuwa lili paliwombo. Kanaima pafupi ndi chala chawo chachikulu cha kuphazi. Ine ndili chiimire patali ndinkakaona. Iwo anawerama n'kuyamba kupapasa ndi dzanja, kumanzere, kutsogolo, kutali ndi pamene kanali. Maso ali tong'o, akuyang'ana pansi pomwepo, koma dzanja likupita kwina.

Ndinagwada n'kuwayang'ana m'maso bwinobwino padzuwa, osati mothamanga monga ndimachitira powapaka. Kufiira kunali kutatha ndithu. Koma pakati pa diso lakumanja panali poyera ngati mkaka wothira m'madzi, ndipo lakumanzere linali litayambanso. Ng'ala, Amayi.

Ndinawafunsa kuti zinayamba liti. Anati inu musanadwale. Anati inu munkadziwa, ndipo munagwirizana kuti asauze munthu, ngakhale ana, kuopa kuti zingamveke kwa kapitawo. Fodya ankasankha ndi zala ndi mphuno, ndi pang'ono pamene diso lakumanzere linkaona, ndipo mnzawo wokhala naye pafupi ankawakonzera akalakwitsa. Ndinafunsa chifukwa chake sananene pamene ndinkawakalipira za tizotsekera masiku onsewa.

Anati, "Kuli bwino uzinditcha wosasamala kusiyana ndi wakhungu. Wosasamala samukweza lole."

Ndinatola kachotsekera, ndinakatsuka ndi madzi owira, ndinawapaka mankhwala. Ndinali ndi chisoni, ndinalinso ndi ukali. Ndipo ukaliwo mbali yaikulu unali wa pa inu. Munaona mwana wanu ngati sangasunge chinsinsi? Mukanandinong'oneza tsiku limodzi lokha muja ndinkakusambitsani, bwenzi ndisanawalalatire bambo anga pamaso pa komboni yonse.

Zobisa ndinakana. Mnzawo wowakonzera uja akupita kwawo fodya akatha, ndipo tsiku lina bwana akanapeza yekha mabelo osakanizika, n'kuwathamangitsa ndi manyazi. Ine ndi bambo a Marita tinapita kwa kapitawo, uja wa ku Ntcheu, titanyamula nkhuku. Tinamuuza zoona. Anayamba wakalipa kuti tamuika pamoto, kenako anati m'shedi muli ntchito ina yosafuna maso, yomanga fodya wosankhidwa kale m'timitolo, ndipo zala za Ababa zimaposa za akazi onse amene amagwira pamenepo. Anakalankhula kwa bwana kuti nkhalambayo yakalamba, isinthidwe. Bwana anavomera. Malipiro atsika, koma nyumba ndi phoso zatsala. Munkati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tagwira wapamphunoyo. Misisi akuti ku chipatala chachikulu ku Sozibele ng'ala amachotsa, ndipo adzafunsa dokotala. Sindikuwerengera, koma ndamva.

Ababa anakwiya nane sabata yathunthu chifukwa chowakhazika pakati pa akazi. Tsopano azolowera, ndipo ndikumva kuti ndiwo amabweretsa nkhani zonse za mukomboni.

Za chingwe chija, mverani izi. Lamulungu lapitali tikuchokera kumanda kwanu, anandiuza kuti ndiwapatse kachubu ndi chingwe. Anati mfundo yanga ija inali ya munthu wosadziwa ntchito, n'chifukwa chake ankachita nayo manyazi. Osayang'ana n'komwe, nkhope ili kumwamba, anazunguliza, anapota, anakoka ndi mano. Mfundo yake yaing'ono, yolimba, yosafuna ngakhale sulushoni. Anamangiriranso ka bambo a Marita ka njinga, ndi chotsekera cha botolo la palafini. Mai Chipo anabweretsa kake ka mafuta a zilonda. Pano akuuza aliyense kuti nzeru imeneyi anaitulukira ndi iwo.

Ndinangoti zikomo Ambuye, mlandu watha. Dzulo madzulo ndikupisa m'thumba la jekete lawo kuti ndichape, ndinapeza kachubu kaja. Kachotsekera kalipo, kali lende pa chingwe chake chokongola. Kachubu kali yasa. Sanatseke.

Nditawafunsa, anati chofunika n'chakuti sikanataike.

Amayi, ine ndalephera. Munthu uyu ndi wanu, munamudziwa ndinu. Ndasoka kathumba koyera ka nsalu kuti kachubu kazikhalamo kokha, ndipo ndapempha mayi wina wokhala nawo pafupi ku shedi kuti masana aziwayang'anira. Zotsalazo ndizichita ndine. Ndizitseka palafini, ndizitseka shuga, ndizitseka mankhwala, ndipo sindilola kuti akwere lole ine ndili moyo. Adzagona pafupi nanu kuseri kwa mabulugamu, nthawi yake ikadzakwana, osati msanga. Chokhacho musayembekezere kuti ndizitseka mwakachetechete monga munkachitira inu. Ine ndizitseka ndikulankhula, ndipo mukamva phokoso kuchokera ku komboni, mudziwe kuti tonse tili bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale mwandisiyira ntchito,

Velina