Kabokosi Koyera ka M'kolido

Lolemba, 7 Julayi

Lero abwera kudzaika kabokosi katsopano ka eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba. Nyumba ino ndi yakalekale, makina ake ali padenga, ndipo mpaka dzulo tinali ndi chotembenuza chimodzi basi, kuyatsa ndi kuzimitsa. Tsopano pakhoma la m'kolido, pafupi ndi chipinda chochapira, pali kanthu koyera ngati sopo. Themositati. Akuti kamamva kutentha kwa m'nyumba n'kumalamula makina kokha.

Wodzaikayo ndi Mmalawi, kuno kudziko la eni! Kingston, wa ku Kasungu, amagona ku nyumba za kampani ku DIP, dera la mafakitale. Atandimva ndikuimba nyimbo ya kwaya ya kwathu chapansipansi anatsala pang'ono kugwa pamakwerero.

Madamu akaika pa madigiri 24 chifukwa cha Baba, bambo awo amene ndimawasamalira. Zaka 83, chifuwa chofooka. Kenako chala kumaso kwanga: "Tasila, usakakhudze. Chilichonse ndimaona pa foni." Mtsikana amene analipo ine ndisanabwere anamukweza ndege chifukwa choiwala kutseka geti. Ine ndikakhudzirenji?

Lachiwiri, 8 Julayi

Kuchapa, kusita. Thebulo lositira silikwana m'chipinda chochapira, ndiye ndimasitira m'kolido momwemo.

Madamu andisekanso kuti ndimasita ndi masokosi omwe, mataulo, zam'kati za Baba. Aseke. Iwo sanaonepo mphutsi zikutuluka pamsana pa mwana monga ndinaonera pa mlongo wanga, Mayi akuzifinya iye akukuwa. Chovala choyanikidwa panja sichikhudza thupi la munthu chisanapse ndi ayironi. Akuti kuno ntchentche zoikira mazira pa zovala kulibe. Ntchentchezo anakazifunsa ndani?

Lachitatu, 9 Julayi

Masana ndapita ndi supu kuchipinda kwa Baba, ndapeza muli zii ngati m'filiji. Iwo ali kunjenjemera pampando, milomo yatuwa, osaitana munthu chifukwa sakonda kuvutitsa. Ndawafunditsa mabulangete awiri. Ndathamangira kukaona kabokosi, kakuti 24, kali phee ngati sikadziwa kanthu.

Dzulo manja awo analinso ozizira. Ndinangoti ndi ukalamba.

Lachinayi, 10 Julayi

Zomwezomwezo. Baba ayamba kutsokomola. Sindinakakhudze, Mulungu ndi mboni.

Lachisanu, 11 Julayi

Awatenga pa ambulansi m'mawa. Chibayo.

Madamu atabwera kuchokera kuchipatala sanavule ndi nsapato zomwe. Andiitana kukhitchini n'kundionetsa foni. Tsiku lililonse, kuyambira 9 mpaka 12, makina akhala akuthamanga osapuma. "Nthawi imeneyi ine ndimakhala kuntchito. M'nyumba mumatsala ndani?" Ndati ine ndi Baba. "Baba satsika masitepe."

Ndalumbira. Ndalira, zimene ndinalonjeza kuti sindidzachita pamaso pawo. Iwo angoti Lachiwiri abwera a kampani kudzakapima. "Kakapezeka kalibe vuto, khalas, zako zatha. Ndikubweza kwa ejenti amene anakubweretsa kuno, viza ndifafaniza."

Ndikuopa. Mwana wanga Owami wangoyamba kumene Fomu 2, ndikamuuza chiyani ndikatsika basi ndi chikwama?

Loweruka, 12 Julayi

Tsiku lonse kuchipatala. Baba ali ndi machubu m'mphuno, sanandizindikire.

Pobwerera m'galimoto Madamu ayang'ana foni. "Waona? Lero iwe kunyumba kunalibe, makina ayenda bwinobwino." Ndangoyang'ana pawindo mpaka kufika.

Lamulungu, 13 Julayi

Kutchalitchi sindinamve ngakhale vesi limodzi. Hildah, mnzanga wa ku Ndola amene amagwira ntchito kudera la Marina, akuti, "Iwe, tuma makina utu tumanama, usavomele chilichonse. Ukavomela, yalla, tiye ku airport." Wandipatsa chapati.

Nditabwera ndadutsa m'kolido chokhotetsa thupi, ngati pali galu woluma.

Lolemba, 14 Julayi

Ndadziwa. Ambuye, ndadziwa.

Ndimasita mashiti a pabedi la Baba kuti akadzatuluka adzapeze zaukhondo. Nthunzi ya ayironi ikukwera, ine osalabadira. Kenako padenga kwayamba kulira kwambiri. Kukweza maso, kabokosi kakuti 27. Ndaima. 28. 30. Thebulo langa lili pansi pake penipeni, nthunzi yonse ikupita pakamwa pake. Iko kamayesa kuti nyumba yonse yapsa, n'kumalamula makina kuti aziziritse, ndipo chipinda cha Baba ndicho choyamba kulandira mphepoyo.

Ndazula waya. Ndadikira. 29, 27, 25. Padenga kwakhala chete.

Ndayesanso kachiwiri, kuti mwina ndikulota. Zomwezo.

Ndiye ndine. Sindinakakhudze, inde, koma ndine. Maola atatu tsiku lililonse ndikuimba nyimbo pansi pano, nkhalamba ikuuma pamwamba. Ndinkawateteza ku mphutsi zimene kulibe.

Thebulo ndalipinda, ndalilowetsa pansi pa bedi langa. Ayironi ili m'chikwama cha zovala. Sindinabisepo kanthu m'nyumba ya munthu chibadwire.

Lachiwiri, 15 Julayi

Kingston wabwera 10 koloko, nkhope yakugwa. Madamu anaimbira abwana ake n'kuwakalipira, ndipo abwanawo amuuza kuti likakhala vuto la mawaya, ntchito yatha. Wamasula kabokosi, wapima, wakwera padenga padzuwa lonseli, watsika shati ili nyowe. Palibe vuto.

Madamu atapita kukayankha foni, iye wagwada n'kuyang'ana matailosi. Miyendo ya thebulo inasiya timizere pansi, pafupi ndi soketi.

"Achemwali, mumasitira pati?"

Ndaweramitsa mutu.

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako chapansipansi: "Ndinena kuti sensa yake yomvera kutentha ndi yakufa. Kabokosika ndikachotsa pano, ndiika kena kwina. Inu musayankhule."

"Nanga abwana anu, achimwene?"

"Inshallah, Mulungu akalola," watero, akuseka kuseka kopanda mano.

Madamu abwera. Kingston watsegula pakamwa. Ine sindikudziwa chimene chinandigwira, chifukwa mantha anali pomwepo, sanachoke. Ndangomva mawu anga akuti, "Madamu, dikirani."

Ndakoka thebulo pansi pa bedi, ndaliimika pamalo pake, ndalumikiza ayironi. Ndatenga taulo la Baba n'kuyamba kusita iwo akuonerera ngati ndapenga. Ndati yang'anani nambala. Tonse atatu maso pakhoma. 25. 26. 28. Padenga kwayamba kulira.

Thukuta likutsika m'khosi, ine ndikusitabe taulo lomwelo chifukwa sindimadziwa kuti ndikasiya manja ndiwaika pati.

Madamu akhala pa basiketi ya zochapa, ndi diresi lawo la kuntchito lomwelo. "Tsiku lililonse?" Ndati tsiku lililonse. "Unadziwa liti?" Ndati dzulo, ndipo ndinabisa thebulo. Atseka maso.

Pomwepo foni yawo yalira. Nambala ya kuchipatala. Ayiyang'ana, yalira kachitatu, kachinayi, chala chawo chili m'mwamba osatsika. Ndinali ndisanawaonepo akuopa. Kenako atambasula dzanja kwa ine.

"Yankha iwe. Sindingathe."

Ndayankha. Nesi akuti thupi lasiya kutentha, Baba adzuka, koma akukana tiyi wa kuchipatala, akuti ndi madzi otsukira mbale. Akufunsa amene amawapangira kunyumba.

Ndawauza Madamu mawu ndi mawu. Abisa nkhope m'taulo lotentha lija, mapewa akugwedezeka. Za ejenti sananene kanthu, kaya inde kaya ayi. Angoti, mawu ali m'taulo, "Yalla, fulumira, Tasila. Tenga fulasiki yaikulu."

Ndikulemba izi choimirira, ketulo ili pamoto. Kingston akuboola khoma la pabalaza kuti asamutsireko kabokosi. Madamu aliza kale hutala kawiri.