Chilombo Chimene Ndinanyamula ku Myuziyamu

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa?

Ndine Dorika wanu, ndikulemba kuno ku Romford, lero Lachiwiri masana. Mkamwini wanu a Witinesi ali kuntchito, ndiye ndili ndekha m'nyumba. Ndagona chammbali monga anandiuzira kuchipatala, pepala lili pa pilo. Mukaona zilembo zopendekera musati ndaiwala sukulu.

Ndiyambe ndi za kwathu, paja inu mukabwera kuulendo munkayamba ndi zabwino, zoipa n'kudikira anthu amwe kaye madzi. Achimwene a Fanuwelo anapeza kamunda kunja kwa Chinhoyi chichokereni pafamu paja. Chaka chino chimanga chinapsa ndi dzuwa chitangoyamba kumasula, koma mbatata zawapulumutsa. Alamu anabereka mwana wamwamuna mu Epulo, ndipo akuti makutu ndi a abambo enieni, otambalala aja munkawaseka. Chiliza chanu chinamangidwa, kungoti ng'ombe za anthu zinagwetsa mpanda. Ine kuno ndinadzala maungu m'zidebe kuseri kwa nyumba. Nkhwani tinadyako kawiri kokha, nkhono za kuno zilibe ulemu.

Tsono nkhani yanga ndi iyi. Ndili ndi pakati, Amayi, miyezi inayi. Kupatula a Witinesi ndi azamba, ndinu woyamba kumva. Mimba ziwiri zija mukuzidziwa. Yoyamba inachoka muli moyo, munandisambitsa nokha. Yachiwiri inachokera kuno chaka chimene munatisiya, ndipo ndinalira ndekha m'bafa. Iyi ndaisunga monga munkandilangizira: "Usamauze anthu msanga, Dorika, ikakula aiona okha." Kuntchito sindinauze aliyense. Ndimangomasula batani la siketi n'kuphimba ndi epuloni.

Ntchito yake ndi ya ejensi, imene imatitumiza kukaperekera zakudya ndi zakumwa kumaphwando a anthu olemera. Loweruka anatitumiza ku myuziyamu ina m'mbali mwa mtsinje wa Thames, chinyumba chachikulu chosungiramo zojambula ndi zosemasema za masiku ano. Mukanaziona mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Chipinda chathunthu, m'kati mwake mpando umodzi wothyoka, anthu akuuzungulira atagwira chibwano. Myuziyamuyi ikafuna thandizo imaitana anthu olemera, kuwadyetsa bwino, kuwamwetsa vinyo, kenako n'kuyamba kuwagulitsa zinthu zimene amisiri apereka mwaulere, molimbirana mtengo ngati fodya ku okushoni. Matebulo anawayala nsalu zoyera, maluwa otalika kuposa ine, azimayi atavala madiresi opanda msana ngakhale kunja kwayamba kale kuzizira.

Cha m'ma seveni, titangochotsa mbale za nsomba, kapitawo wathu, mayi wachizungu dzina lake Magda, anandikodola. Anati okonza phwando akufuna mmodzi wa ife anyamule chinthu china cha ku Africa n'kuzungulira nacho m'matebulo kuti ogula achione pafupi, ndipo asankha ine chifukwa zidzaoneka bwino. Anandiveka magolovesi oyera. Ine ndinkayesa ndi dengu kapena ng'oma.

Kuseri kwa katani bambo wina anatsegula bokosi. Ine, mwana woleredwa ndi inu, ndinali nditatambasula kale manja awiri, bondo litapinda, ndisanaone n'komwe chimene akundipatsa. Chitatera m'manja ndi pamene ndinachizindikira. Chinali chigoba cha gule, Amayi. Chija cha nkhope yofiira, mphuno yaitali, tsitsi la khonje, chimene pafamu chinkatuluka chikuyenda motsanzira bwana. Sichinali chosemera alendo odzaona malo ayi. Chinali chovinidwa, chakuda m'mphepete monse. Mmisiri wina anachipeza kaya kuti, n'kuchikulunga mawaya ndi timababu, akuti tsopano ndi luso lake.

Mukukumbukira mmene munkatikokera m'nyumba ng'oma zikayamba kulira kuseri kwa zigafa za fodya? Inu munali mayi wa tchalitchi, wa bulauzi yoyera Lachinayi. Abambo anali a kudambwe, kumene amuna amasunga zinsinsi za gule, ndipo m'nyumba mwathu nkhani ziwirizi sizinkakumana. Koma pa zilombo simunkachita masewera. "Maso pansi, Dorika. Mkazi sakhudza za kudambwe, saona za m'kati. Ukadzaona, mimba zako zizidzangothera panjira." Mukatero munkatchula anaPhiri a kukomboni ya kumunsi, amene anasochera kudambwe akutola nkhuni, n'kukalamba opanda mwana wamoyo.

Ndikanachibweza, inde. Koma ndikanati chiyani? Kuti ndili ndi pakati, pamene ndakhala ndikubisa? Kuti ndine mkazi? Akanayang'anizana n'kuseka. Ndisanaganize bwino, oimba anali atasiya, wogulitsa atalengeza kale, katani n'kutseguka.

Tsono tamverani kanyamulidwe kake. Nkhope iyenera kuloza kwa ogula. Ndiye kuti kumbuyo kwake, kobooka kuja, kumene mkazi sayenera kuona, kunaloza kwa ine. Ndinayesa kutsinzina, ndinagunda mpando wa mayi wina. Ndinayesa kuchitsitsa kuti chichoke pamaso, ndiye chinakafika pamimba penipeni, ndinachikwezanso msanga. Matebulo onse aja ndinawazungulira choncho, maso ali m'kati mwake, fungo la utsi wa kwathu likundilowa m'mphuno. Ndinayamba pemphero katatu konse, koma mawu ankangosokonekera pakati.

Patebulo lina mzungu wina, wofiira nkhope ngati chigobacho, anandigwira mkono n'kufunsa ngati chinthucho n'cha kwathu ndiponso tanthauzo lake. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu anu aja munkayankha abusa akafunsa kumene abambo apita: "Sindikudziwa, bambo." Ndi yemweyo amene anachigula. Anthu anaomba m'manja, ena n'kumandimwetulira ngati ndachita chinthu chabwino.

Ndinabwerera kukhitchini. Beatrice, mnzanga wa ku Lusaka, anandikankhira kreti kuti ndikhalepo. "Iwe Dorika, ni chani? Ni mtengo chabe uja, mwana. Nkala pansi umwe manzi, ma dessert nizapeleka ine." Magolovesi ndinataya m'bini, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono ndi sopo wotsukira mbale.

Lamulungu m'mawa, ndikukonzekera ulendo wa kutchalitchi ku Peckham, ndinaona timadontho ta magazi. Msana unayamba kukoka chapansi, chimodzimodzi ulendo wachiwiri uja. Dzulo a Witinesi anandiperekeza kuchipatala. Nesi anandipima, anati nthawi zina zimachitika popanda vuto, ndikapume, ndibwerenso mawa Lachitatu adzandiunike ndi makina aone ngati mtima wa mwana ukugunda. Anandifunsa ngati ndinanyamula cholemera. Ndinati mathireyi. Ndikanamuyankha chiyani china, poti chigoba chija n'chopepuka kuposa mbale ziwiri?

A Witinesi sindinawauze za chigobacho. Ndi mkulu wa mpingo tsopano. Angati ndikupatsa Satana malo, n'kuitana anthu kudzapemphera m'nyumba muno, nkhani n'kumveka Peckham yense. Mwinanso angakhale akunena zoona. Sukulu ndinapitako, timabuku ta azamba ndimawerenga, ndipo ndikudziwa kuti mimba zimachoka ngakhale kwa akazi amene sanamvepo ng'oma chibadwire. Ndimadziuza zimenezo mokweza. Koma msana ukangokoka, ndimabwerera kukhala kamtsikana kaja kobisala kuseri kwa chitseko. Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa kupita kuchimbudzi. Ngakhale kutsokomola ndikutsokomola mosamala, dzanja lili pamimba.

Kukanakhala kwathu akulu akanadziwa chochita. Akanakhala pansi, nkhuku ikanaperekedwa, mlandu n'kutha. Kuno nkhuku zonse n'zozizira m'mapepala, ndipo akulu a pafamu paja anabalalika, ena ku Mozambique, ena kumene muliko. A Fanuwelo kudambwe sanaloweko, ndikawaimbira foni angondiseka.

Pali chimene ndakhala ndikuchiganiza chigonere pano. Tsiku la maliro a agogo a Jailosi, chilombo chikudutsa pakhomo pathu, ndinakweza maso pang'ono. Ndinaona kansalu kobiriwira katamangidwa pamwendo wake, kofanana ndendende ndi chitenje chanu chija chinasowa pachingwe. Nditangoti nditsegule pakamwa, munanditsina pantchafu mpaka misozi. Simunanene kanthu tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse. Munkadziwa, eti? Munkadziwa zonse, koma munatibereka asanu ndi mmodzi, tonse amoyo. Ndiye mwina chimene amalanga ndi pakamwa, maso amawakhululukira. Sindikudziwa ngati zili choncho, koma ndagwira pamenepo chifukwa ndilibe pena pogwira.

Ndiye ndikutumeni, ngakhale si mwambo kuti mwana atume kholo. Abambo ali nanu kumeneko, ndipo eni ake a chinthu chija amawadziwa. Za kudambwe simunalankhulepo nawo zaka zonse zija, koma lero yambani ndinu. Muwauze kuti sindinachifunefune, anachita kundiika m'manja. Muwauze kuti ndinachinyamula ndi manja awiri, sindinachigwetse, ndipo mlendo atandifunsa sindinaulule. Akandipepesere. Akayamba kukanda mutu monga ankachitira, muwakumbutse kuti ndi mdzukulu wawo.

Mawa pa naini koloko adzandipaka mafuta ozizira aja pamimba n'kuyatsa makina. Pa mimba yachiwiri ija nesi anayang'ana galasi la makinawo nthawi yaitali, kenako anatuluka kukaitana mnzake. Mudzaime pafupi, Amayi, mbali ya kumutu.

Zimene ndinaona m'kati muja sindinazilembe m'kalata ino, mwaona nokha. Sindidzauza a Witinesi, sindidzauza Beatrice, ndipo mwanayu akakhala ndi moyo, iyenso sadzazimva kwa ine. Ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dorika